Nthiti za Gitala ya Bambo

Lachinayi, 12 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Kuno tilipo, tikudzuka ndithu. Ntchito yosoka ikuyenda, ndipo mwezi uno ndapanikizika ndi mayunifolomu a sukulu moti msana wayamba kundikumbutsa zaka zanga. Mtsikana wanu uja, mwana wangayu, wakula, nsapato tikuvalirana.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pafoni mumandizemba, achimwene. Ndikangoti ndiyambe nkhani mumati netiweki ikuvuta, mwina abwana akuitana. Pepala lilibe netiweki. Choncho khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, musadumphe mzere.

Nkhani ndi ya gitala ya malemu bambo athu, yomaliza ija anapanga manja asanayambe kunjenjemera. Tinagwirizana kuti woiimba akhale alamu anu, amuna angawa, popeza inu munasiya za magitala n'kupita kukapanga mipando ku fakitale, ndipo ine kuimba sindidziwa. Koma kumva ndimadziwa. Mukukumbuka mmene bambo ankanyamulira thabwa lapamwamba ndi zala ziwiri, n'kuligogoda, n'kundiitana ndili pakati potsuka mbale? Amati, "Iwe wamakutu, tabwera. Ladzuka kapena likadali mtulo?" Ndikati likadali mtulo, amakupatsani inu kuti mupalenso pang'ono. Ankati inu munatenga manja awo, ine ndinatenga makutu. Choncho gitala imeneyo ndimaidziwa ngati mmene ndimadziwira kutsokomola kwa mwana wanga.

Munabwera kudzacheza patchuthi mu Febuluwale, munakhala milungu iwiri. Lamlungu lotsatira mutabwerera, alamu anu anakhala pakhonde kukonzekera zokaimba ku hotelo masana, ine ndili kukhitchini. Atangokhudza nsambo ndinaika mpeni pansi. Gitala ya bambo inali yofatsa. Mawu ake ankatuluka mosapupuluma, n'kukhalitsa m'nyumba ngati mlendo wosafuna kutsanzika. Imene ndinamva tsiku limenelo inali kukuwa. Mawu akuluakulu ankagunda mpaka makapu kuchita phokoso pashelefu, ndipo liwu lililonse limatuluka mothamanga n'kuzima msanga.

Ndinatuluka manja ali onyowa.

"Gitalayi mwaitani?"

"Ndasintha nsambo basi," anatero, maso ali pa zala.

"Nsambo zokha?"

"Nanga n'chiyaninso, Mayi?"

Nsambo zinalidi zatsopano, zonenepa kuposa zakale. Koma ine ndinakulira m'shopu ya bambo. Nsambo zimasintha mawu, inde, koma osati mpaka gitala kuchita ngati yabadwanso kwa munthu wina. Ndinaiyang'anitsitsa: mtundu womwewo, khosi lomwelo, chipsera chomwecho cham'mbali. Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinati apa pali nkhani.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zinthu zomwe mwina zinalipo kale. Lachiwiri lililonse m'mawa alamu anu amavala jekete, amati akukaphunzitsa munthu gitala, koma gitalayo amaisiya pakhoma. Mphunzitsi wanji wosiya chida chake? Foni ikalira amadzuka, kutuluka, kukaima kuseri kwa nyumba komwe kulibe munthu. Ndikawayankhula akuyang'ana kwina, zii. Patebulo mwana akanena zoseketsa, iwo amaseka tonse titamaliza kale, ngati munthu amene maganizo ake ali kutali. Anzawo akabwera kudzacheza, iwo amene kale ankatenga macheza onse, amangomwetulira n'kumagwedeza mutu.

Tsiku lina posita jekete ija ndinapeza kapepala m'thumba. Chabwino, ndisaname, sindinkasita, ndinachita kupisa. Panali nambala ya foni ndi mawu akuti "Lachiwiri, 9 koloko", zolembedwa ndi dzanja la munthu wamkazi. Ndinaimba ndili ku shopu, makina nditaimitsa. Anayankha mayi wa mawu osalala bwino. Nditatchula dzina la alamu anu anati, "Inu ndinu ndani wawo?"

"Mkazi wawo."

Mayiyo anati, "Pepani mayi, zimenezo afunseni eni ake."

Achimwene, tsiku limenelo ndinasoka kolala ya malaya mozondoka kawiri. Madzulo ndinawapeza patebulo akupukuta gitala, atandipatsa msana. Ndinaima pakhomo n'kunena, osakuwa, poopa kuti mwana angamve: "Ngati mwapeza wina, ndiuzeni nokha, ndisachite kumvera kwa anthu." Anapitiriza kupukuta. Mpaka anayamba kuimba mluzu. Ndinatenga bulangete langa n'kusamukira kuchipinda kwa mwana, ndipo ndinagona kumeneko milungu isanu. Sanandifunse chifukwa. Ine ndinati ndi umboni womwewo.

Za gitala ndinali nditamaliza kale kuweruza. Ndinkati ya bambo anagulitsa, kapena anakapereka kwa mayi wa mawu osalala uja, n'kubweretsa yofanana nayo kuti anditseke m'maso. Ndiye Lachiwiri lina atangotuluka, ndinaiika m'chikwama chake n'kupita nayo kwa mkulu wokonza magitala kuseri kwa msika, pakati pa wodula makiyi ndi wosoka nsapato. Mumawadziwa, aja anthu amawatcha a Bweranimawa chifukwa ntchito yawo siitha lero. Akalamba, koma shopu ikadali chimodzimodzi: magitala opanda makosi ali lende kudenga, fungo la guluu, ndi kawailesi kongolira kopanda woimvera.

"Ndikufuna mundiuze ngati iyi ndi gitala ya bambo anga," ndinatero. "Lero lomwe, osati mawa."

Anaseka, n'kumasula nsambo, n'kulowetsa pabowo kagalasi komangirira ku waya, tochi ataluma pakamwa. Anasuzumira nthawi yaitali. Kenaka anachotsa tochi ija.

"Gitala ndi yomweyo, mayi. Dzanja la bambo anu ndimalidziwa, linandilanda makasitomala zaka makumi awiri. Koma muno mwalowa munthu."

Anandipatsa tochi kuti ndione ndekha. Ndinaona nthiti, timatabwa tija timamatidwa kunsi kwa thabwa lapamwamba: ziwiri zazitali zopingasana pansi pa bowo, ndi zing'onozing'ono kumunsi kwake. Bambo ankazisiya zonenepa, zamsana wokwera. Tsopano zinali zokumbika pakati, mtengo woyera watsopano ukuonekera pakati pa wakale wofiirira.

"Thabwa lapamwambali ndiye mmero wa gitala," anatero a Bweranimawa. "Lakumbuyo ndi lam'mbali ntchito yawo n'kubweza mawu. Nsambo ikalira, lapamwambali limanjenjemera n'kukankha mpweya. Nthiti zikakhala zonenepa zimaligwira kwambiri, mawu amachepa koma amakhalitsa, ndipo aakulu ndi aang'ono amayendera limodzi. Mukazipala, thabwa limamasuka, gitala imakuwa, mawu akuluakulu amachuluka. Koma taonani mtengo wake."

Anatenga lula n'kuigoneka kumbuyo kwa kathabwa komangapo nsambo. Lula ija inayamba kupendama uku ndi uku. Pamwamba panali patatupa.

"Nsambo zimakoka usana ndi usiku, sizipuma. Nthiti zaonda, nsambo zanenepa. Mukazisiya chonchi, chaka sichitha kathabwa aka kazuka n'kung'amba pamwamba ponse."

Ndinawayang'ana m'maso. "Munapala ndinu?"

"Ine?" Anakweza dzanja lawo lija, lalikulu ngati fosholo. "Ili lingalowe pabowo apa? Wopala uyu ndi wa dzanja lowonda, ndipo ndi katswiri, sanaphonye paliponse. Asanadule anayamba walemba ndi pensulo, timizere titatu pa nthiti iliyonse, tikuonekabe m'mphepetemu. Ndiponso ndi wamanzere. Taonani kumene mpeni ukuyambira ndi kumene ukuthera."

Achimwene, timizere titatu pa nthiti iliyonse. Mumzinda muno anthu amene ankalemba choncho anali awiri, ndipo mmodzi tinamuika m'manda. Winayo ndi uja bambo anatopa naye kumuphunzitsa kugwira mpeni ndi dzanja lamanja. Pomwepo ndinakumbukira Loweruka lija munanyamula gitala inu ndi alamu anu, mumati mukukagula nsambo, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Nsambo zimagulidwa tsiku lonse? Ndinakumbukiranso kuti pamkono wa malaya anu panali fumbi la matabwa, ndipo nditakusasani munati mwatsamira pa benchi.

Ndisanapume, a Bweranimawa anatembenuza gitala ija n'kundionetsa malo ena m'mbali, paphewa pake chakumwamba, pomwe vanishi anali atazilala kachigawo kozungulira.

"Apa pamakhala chibwano," anatero. "Munthu akamatsamiritsa chibwano pa gitala pochuna nsambo, ndiye kuti akumvera m'mafupa. Anthu ofuna gitala yokuwa alipo mitundu iwiri, mayi. Ena amaimba pamalo aakulu opanda zokuzira mawu. Ena aja..." Anazimitsa kawailesi kaja. "Amuna anu amamva bwino?"

Ndinakhala pa kampando ka utuchi osapukuta. Mluzu uja unandibwerera m'mutu. Munthu ndinamuuza mawu oopsa kuposa onse amene ndinanenapo m'banja langa, ndipo iye sanamve ngakhale limodzi.

Mkuluyo anapitiriza, mwina pofuna kundipatsa mpata woti ndipukute m'maso. Anati chomvetsa chisoni n'choti kupala nthitiko sikunawathandize kwenikweni. Gitala imayankhulira kutsogolo, kwa omvera. Woimba amakhala kumbuyo kwa mawu ake omwe, ndiye amene amamva pang'ono kuposa onse. Komanso kwa anthu ambiri makutu akayamba kufooka, amayamba kuthawa ndi mawu ang'onoang'ono a nsambo zowonda, ndipo mawu akuluakulu amene awonjezekawo akungophimba omwewo. Anati chofunika n'kubwezera nsambo zopepuka, kumata timatabwa tating'ono pa nthiti kuti zilimbenso, kenaka kuboola bowo lina m'mbali, kukula ngati dzira, loyang'ana kukhutu kwa woimba, kuti gawo la mawu lizikwera kwa mwini wake.

Koma mukundidziwa. Potuluka m'shopumo ndinali nditayambanso kukayikira. Ndinati amuna amabisirana, mwina mkuluyu anauzidwa kale zoti anene. Choncho Lachiwiri lotsatira ndinatseka shopu n'kuwatsatira alamu anu. Iwo anakwera basi kutsogolo, ine kumbuyo nditafunda mpango. Anatsika pafupi ndi positi ofesi, n'kulowa m'nyumba ina yosanja yomwe pansi pake amagulitsa mankhwala. Ndinakwera masitepe pambuyo pawo. Pachitseko panali chithunzi cha khutu. Ndinasuzumira pagalasi. Anali pabenchi, chipewa chili pamaondo, pakati pa agogo ena ndi mayi wobereka mwana, maso ali pakamwa pa namwino kuti dzina lawo lisawapite. Namwinoyo anaitana kawiri asanadzuke. Mawu ake ndinawazindikira, osalala aja. Ndi mayi wamkulu, wa imvi, wovala magalasi.

Ndinatsika n'kubwerera ku shopu wapansi, ulendo wonse. Madzulo ake ndinabweza bulangete langa kuchipinda kwathu. Alamu anu anangoti, "Kodi ndasiya kuliza mkonono?" Milungu isanu yonseyo ankaganiza kuti ndinathawa mkonono. Ndinaseka, kenaka ndinapita kubafa kukalira.

Ndinakhala nazo masiku asanu ndi atatu, kudikira kuti mwina anena okha. Sananene. Dzulo masana, mwana ali kusukulu, ndinaika paketi ya nsambo zopepuka patebulo, n'kukokera mpando patsogolo pawo penipeni.

"Ndiyang'aneni," ndinatero. "Ndinapita kwa a Bweranimawa. Ndinafikanso ku nyumba yosanja ija ya chithunzi cha khutu."

Anayang'ana pakamwa panga mpaka nditamaliza, kenaka anayang'ana paketi ija. Anaitembenuza kangapo.

"Ndimafuna ndikuuzeni zikakhala bwino," anatero.

"Zikanapanda kukhala bwino?"

Anaika paketi ija patebulo. Kenaka anandiuza kuti zinayamba chaka chatha, khutu lakumanzere, ngati muli madzi. Anati woyang'anira hotelo anawaitanapo kale kuofesi n'kuwafunsa ngati amamwa asanaimbe, chifukwa Lamlungu lina anaimba nyimbo zitatu nsambo yowonda ili yosachuna bwino, iwo osadziwa. "Woimba wosamva amamulemba ndani, Mayi? Ophunzira anga akamva, atsala angati? Ndipo inu munakwatiwa ndi woimba."

"Ndinakwatiwa ndi munthu wabodza," ndinatero, koma ndinali nditawagwira dzanja. "Nthiti anapala ndani?"

"Ndinapala ndekha."

Achimwene, munthu amene pensulo ya mwana amandipatsa ine kuti ndimusongolere! Ndinati, "Ndi dzanja lamanzere?" Anati tsiku limenelo lamanja linkapweteka. Ndinafunsa zomwe dokotala ananena. Anati ndi litsiro chabe la m'khutu, akuchotsa pang'onopang'ono. Litsiro lanji lochotsa Lachiwiri lililonse kuyambira Febuluwale? Ndinawasiya, chifukwa ndinaona kuti kwa tsiku limodzi anali ataulula zokwanira.

Ndiye ndabwera kwa inu. Sindikufunsani ngati munapala ndinu, musataye inki kukana. Ndikufunsani izi. Anakuuzani liti? Kodi tchuthi chija chinalidi tchuthi, kapena anachita kukuitanani? Munapita nawo kwa dokotala? Ngati munapita, ananena chiyani kwenikweni? Ndi khutu limodzi kapena onse awiri? Pali mankhwala, pali kachipangizo kovala, kapena tikungodikira tsiku loti kukhale zii? Tsiku lija mumandiuza pokwera basi kuti "uziwaleza mtima alamu", ine n'kumayesa mukunena za ulesi wawo wokonza mpopi, mumatanthauza zimenezi? Nanga alamu anga kumeneko akudziwa? Chifukwa ngati akudziwa, ndiye kuti m'banja lonse wosadziwa ndinali ine ndekha, amene ndimagona nawo chipinda chimodzi.

Ndakukwiyirani, sindibisa. Munalowetsa mpeni m'gitala ya bambo osandifunsa, pomwe ndi yathu tonse awiri. Munadziwa kuti nthiti zikaonda thabwa litupa, inu simungalephere kudziwa zimenezo. Munadziwanso kuti ndizindikira, ndipo mwina n'chifukwa chake foni yanu yakhala ikudwala netiweki miyezi inayi. Chinsinsi chanucho chinatsala pang'ono kupasula banja langa. Ichi sindinauze munthu aliyense, ngakhale iwo: zovala zanga zina ndinali nditayamba kale kuzisamutsira ku shopu, pang'onopang'ono m'jumbo, ndipo ndinali nditakaonako chipinda cha lendi. Zovalazo zikadali pansi pa tebulo lodulira nsalu. Ndikuzibweza chimodzichimodzi kuti asazindikire. Mukuona, nanenso tsopano ndili ndi changa chobisa, ndipo ndakuuzani inu. Kaya muli ndi chiyani inu chimene anthu timakuululirani.

Komabe ndikudziwa kuti munthu atakugwirani mkono n'kukupemphani kuti mumuthandize kumva gitala yake, simukanakana. Ndikanakhala ine, mwinanso ndikanapala.

Tsopano pempho langa. Bambo sankalola bowo lachiwiri pa gitala yawo, mukukumbuka mmene anathamangitsira kasitomala uja ankafuna kuboola kuti alowetse waya. Koma ndalingalira, ndipo ine kumbali yanga ndavomera. M'mawa uno ndinawakhazika alamu anu pampando, gitala ili pamwendo monga amaimbira, n'kujambula ndi choko changa chosokera kabwalo m'mbali, moyang'anizana ndi khutu lawo. Sindiboola popanda mawu anu. Ine sindili ngati anthu ena. A Bweranimawa akuti angathe kuboola, koma zomata nthiti dzanja lawo silingafikeko, ndipo sindikufuna dzanja lachilendo m'mimba mwa gitala imeneyi. Amene anapala ndi amene abwezeretse. Pemphani masiku atatu ku fakitale. Bwerani ndi kampeni kanu kaja, ndi pensulo, ndi zoona zonse. Pakadali pano nsambo ndazimasula, ndipo Lamlungu akaimbira yobwereka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu yawo ndasoka, idzabwera ndi inu pobwerera. Ana onse muwapsompsone. Mtsikana wanu akuti mumubweretsere chokoleti, za zinazi sakudziwa kanthu, ndipo tidzamuuza tonse pamodzi mukabwera.

Alamu anu andipeza ndikulemba. Afunsa kuti kalata ndi ya ndani, ndawayang'ana n'kuwauza. Aima pakhomo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Akuti ndikupatseni moni wambiri. Akutinso ndikuuzeni kuti iwo sananene kanthu za inu.

Ine mlongo wanu wokukondani, amene akudikira yankho la papepala,

Wamakutu